Mipando Yadzaza

Anamwino a Nankhoma ku Bwaila anandijambulira
kuseri kwa buku langa lachipatala:
"Ubongo ndi depoti ya minibasi.
Dopamini ndi okwera. Kwa inu achulukitsa,
aliyense akukuwa ngati wasenza uthenga wa maliro."

Nkuona wailesi ya aneba ku Kawale
inkanditchula dzina,
ndipo pepala louluka pamlatho
linali kalata yanga.

Kapiritsi koyeraka, akuti, kamalawirira
n'kukhala pamipando.
Okuwa aja akafika, apeza yadzaza.

Sabata yachitatu. Mawu aja atalikira
ngati oitanira a ku Chinsapo mvula ikamagwa.
Koma dzanja likunjenjemera pakapu,
tulo n'tolemera ngati thumba la simenti.

Kodi kakhalanso pampando wa kuseka?
Lachinayi ndikawafunsa.