Wotsatira Pamkombero

Seva yachitatu inafa cha m'ma sikisi,
magetsi a ku Longacres atathima,
jenereta itakhosomola kawiri isanavomere.
Mwiinga anandiimbira ndili mu minibasi
pa raundabauti ya Kabwe, chigongono cha munthu chili m'nthiti mwanga.
Ndinati: usakhudze kanthu. Ingoyang'ana.

Kale tikanagona mu ofesi.
Tinkatenga nambala ya kiyi aliyense,
kuigawa ndi chiwerengero cha maseva,
chotsalacho ndiye keyala yake.
Asanu akasanduka anayi
masamu onse ankagwedezeka,
makiyi kusenza mitolo pafupifupi onse
ngati Kanyama madzi akalowa m'nyumba mu Febuluwale,
kusamuka ngakhale amene sanafedwe.

Tsopano tinajambula mkombero.
Seva iliyonse ili ndi malo ake pamenepo,
kiyi nayenso amagwera pake,
n'kuyenda monga ziyendera galimoto pano,
kutsata muvi wa wotchi
mpaka khomo loyamba lotsegula. Ndiye kwawo kumeneko.
Ikafa imodzi amasamuka ndi ake okha,
kupita kwa wotsatira.
Enawo sadziwa n'komwe kuti kwagwa maliro.

Za wotsatira ndimazidziwa.
Lekani atatisiya mu Juni,
titabwerera ku Chingwere nsapato zili mbuu,
amalume anawerenga ana a mayi ndi chala:
Lekani, kenaka ine.
Chala chinaima pomwepo.
Ana atatu, matiresi awiri, ngongole ya pa kantemba ku Mtendere,
zonse zinatsika pakhomo panga ku Chilenje
pa kalole ka hayala, dalaivala akufunsa ya mafuta.

Kuntchito vutoli tinalithetsa kalekale.
Seva iliyonse timaipatsa mayina zana limodzi ndi makumi asanu,
n'kuwamwaza pamkombero ngati mapira,
kotero kuti ikagwa, katundu wake sagwera mutu umodzi:
pang'ono kwa uyu, pang'ono kwa uyo,
palibe wothyoka msana.
Mwiinga amati n'chilungamo chokhacho chimene anachiona ndi maso.

Usiku wina ndinachiyesa
kuseri kwa lisiti ya mayuniti a magetsi.
Zelipa kwa azakhali ku Chipata,
Tikambenji kwa msuweni ku Kafue, ali ndi chipinda chongokhala,
wamng'onoyo atsale ndi ine.
Masamu anatheka bwinobwino,
ya sukulu, ya basi, ya makala, inatsalako ngakhale ya saluni.
Ndinagona tulo tokoma, ndisaname.

M'mawa ndinakankha chitseko chawo.
Matiresi imodzi inali yozizira, yosagonedwa.
Pa inayo miyendo isanu ndi umodzi itapiringizana
ngati mawaya a kuseri kwa shelefu ya maseva,
amene timaopa kusolola chifukwa sitidziwa chimene chizime.
Chala cha wamng'onoyo chinali m'tsitsi la Zelipa.

Kiyi sadziwa amene anagona naye pafupi dzulo.
Ukamusamutsa safunsa za mnzake,
sasiya kudya, sanyowetsa zogonera.
N'chifukwa chake mkombero umagwira ntchito.

Lisiti ija ndinayatsira mbaula.

Mwiinga anaimbanso ndikutsika pa siteji:
palibe kasitomala wadandaula,
anayi otsalawo agawana zonse, akungotentha pang'ono.
Yatsopano ifika Lachinayi kuchokera ku Chirundu
ngati mapepala sakanirira pa boda.
Idzatenga gawo lake lokha, apa ndi apo,
ena onse adzakhala pamene ali.
Ndinati chabwino, lemba lipoti, zimitsa nyali potuluka.

Pageti ndinapeza Tikambenji akundidikira
ndi kope la masamu, kugawa kwa nambala zazitali.
Anandifunsa chochita ndi chotsala.
Ndinati tiye m'nyumba, kukuzizira,
usachitaye, chilembe pambali.