Tsiku Limene Tinasinthana

Kuseri kwa msika wa Ndirande,
pakati pa wometa ndi wowotcherera zitseko,
pali kachipinda ka malata ka a Likoswe:
makanema atatu, benchi imodzi,
fungo la thukuta ndi chiwaya.
Ndewu imodzi mazana awiri. Wogonja adzuke.
Mlongo wanga Msatida sadzuka.

Ali fomu wanu, sikete ya sukulu ikadali m'chiuno,
zala zake zazikulu zinamera zikundu.
Amuna a ndevu amalowa ndi matama,
amatuluka akunamizira batani.
"Kontirola iyi njakufa!"
Iye amawapatsa yake, n'kuwakwapula ndi yakufayo.
Mmenemo nonse mumayamba ndi magazi ofanana,
palibe wobwera ndi za dzulo.

Wanga ndi msilikali wa m'foni.
Anabadwa ndi kabudula ndi ndodo basi.
Masana ndimasenza makatoni ku Limbe,
usiku bandulo ikatsika mtengo ndimamulera:
tinayamba n'kupha makoswe,
tinatola zikopa, tinagulitsa, tinasunga,
zaka ziwiri, mpaka lupanga lowala buluu.
Ndiye mnyamata wina wa ku Namiwawa
anagula lomwelo Loweruka masana
ndi khadi ya bambo ake.
Sindinadye tsiku limenelo.

"Achimwene, amenewo si masewera," amatero Msatida,
"umenewo ndi ulimi. 
Aliyense wopirira akhoza kukolola."
Ndinamuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.
Anati nkhono sinamenyepo munthu.

Choncho Lachinayi lina tinasinthana.

Ndinakhala pa benchi. Ana anadzaza pakhomo.
Zala zanga, zonyamula makatoni a sopo,
zinasanduka chinangwa.
Ndisanapeze polumphira ndinali pansi,
ndisanadzuke ndinali pansinso,
kamwana ka mamina kanandimaliza kakutafuna nzimbe.
A Likoswe anandibwezera mazana awiri aja
chifukwa cha chisoni.

Iye anatenga foni, analowa m'phanga ndi gulu langa,
anthu asanu amene sindinawaonepo nkhope:
woponya mivi amene amatsokomola akamalankhula,
sing'anga wathu, mayi wina wogwira ntchito usiku,
amene amasowa mwana wake akalira.
Msatida anazinda moto ngati anabadwira momwemo.
Zimene ine ndimathawira kutali, iye ankapita pansi pake.
Ndinachita nsanje, ndisaname.
Koma sanacheuke.
Samadziwa kuti chilombocho chikagwada sindiye kuti chatopa,
kuti woponya mivi netiweki imamuchedwetsa,
kuti sing'anga akakhala chete mumaima kaye pa mwala
n'kuwerenga mpaka makumi atatu.
Anathamanga yekha, anafika yekha,
anafa yekha, ena asanu n'kutsatira.
M'foni munamveka mawu a mayi aja, otsika:
"Lero si iwe, eti?"

Zaka ziwiri, ndipo sanandizindikire ndi lupanga.

Kenaka magetsi anathima, monga mwa masiku onse.
Wowotcherera anatukwana, wometa anasiya mutu theka,
akatswiri tonse tinatuluka ofanana,
tikuphethira ngati akadzidzi.

Pokwera chitunda chopita kwathu
phiri linali litayamba kuda.
Sitinalankhule mpaka pa mpopi.
Apo Msatida anafunsa, osandiyang'ana,
"Mwana wa mayi aja ali ndi miyezi ingati?"
Ndinati isanu ndi iwiri, akumera mano.
Anagwedeza mutu ngati wauzidwa batani latsopano.

Ine manja anali m'thumba.
Sanaone kuti chala changa chachikulu
chinkayeserera pa kiyi wa nyumba:
pansi, kutsogolo, menya.
Pansi, kutsogolo,
chaterereka.
Pansi.