Pitsa ya M'chipinda 214

Kantini imatsegula Lachiwiri.
Timaima pamzere, timapepala m'manja,
aliyense akuwerengera masenti amene mlongo wake anatumiza.
Ine ndinagula mapaketi anayi a manudozi.
Lavell, mabisiketi amchere ndi soseji youma ija
yosawola ngakhale utaiiwala chaka kunsi kwa bedi.
Rosendo, tchizi ya m'chubu,
yachikasu ngati utoto wolembera msewu.
Sosi wa tomato sitigula:
amatuluka yekha m'holo yodyera atabisala m'sokosi,
kapaketi kamodzi patsiku
mpaka tinakwana khumi ndi tiwiri.

Ottis sanagule kanthu.
Akaunti yake inauma mu Malichi, mayi ake atamwalira ku Dayton.
Koma manja ndi ake.
Zaka zisanu ndi zinayi anakanda ufa
pamalo odyera a Mtaliyana wina ku Toledo
asanachite chimene anachita,
chimene muno sitifunsana.

"Phwanya, koma usapere," akutero.
Manudozi ndi mabisiketi m'jumbo ya tchipisi,
chidendene cha nsapato, phwa, phwa,
madzi otentha a pampopi, theka la kapu,
osapitirira, ati madzi ndi ngongole,
ukatenga ambiri sugona.
Amanga jumbo, aikulunga m'thaulo,
aipinya ndi buku la malamulo a Ohio
lomwe silinathandizepo munthu mpaka lero.

Pitsayi inali yotsanzikana.
Tinayamba kusonkha tikudziwa kuti Rosendo akutuluka,
anali atagawa kale wailesi, masokosi, ngakhale sopo.
Kalata yafika dzulo. Mizere itatu.
Adzaonanenso nawo pakatha zaka zinayi.
Wagona chiyang'anire khoma, osavula nsapato.
Lavell anati tingosiya.
Ottis anati soseji sidziwa kuwerenga.

Folo koloko: "Kuwerenga!"
Tonse chilili pazitseko, manja poyera,
thaulo lili phee pansi pa pilo, likutuluka thukuta.
Pruitt, msilikali wa ndevu zofiira, aima.
Anunkhiza. Ayang'ana ine, ayang'ana pilo.
Makiyi ake okha ndiwo akulankhula.
Kenako, osatembenuka:
"Ya agogo anga inkakhala ndi anyezi."
Napitirira, 215, 216.

Tang'amba jumbo. Chagona apo, chozungulira mokakamiza,
mbali ina yonenepa, ina yoonekera kuwala.
Ottis apaka sosi ndi msana wa supuni,
kuyambira pakati, kuzungulira, kuzungulira,
maso atatseka,
ndipo kwa kamphindi ndikuona epuloni pachifuwa pake,
ng'anjo kumbuyo kwake, chipale chikugwa pawindo la ku Toledo.
Tchizi ituluka m'chubu ndi phokoso lochititsa manyazi.
Lavell aseka. Ndi kuseka koyamba chidzulireni.

Mpeni kulibe.
Soseji tadula ndi chitupa changa,
chija chili ndi nkhope yanga ya zaka makumi awiri ndi zitatu
ndi nambala yomwe ndimaiyankha msanga kuposa dzina.

Rosendo watembenuka.
"Musadule mabokosi," akutero, mawu ali sasa.
"Mabokosi ndatopa nawo. Dulani zosongoka.
Marisela amagwira kunsonga, n'kusiya m'mphepete,
ine ndimadya zotsalazo."
Mwanayo tsopano ali ku sekondale.
Mwina anasiya kalekale kudya choncho.
Palibe wanena.

Zidutswa zisanu ndi zitatu, anthu anayi.
Kukoma kwake? Mchere, mchere,
ndi kafungo ka pulasitiki wotenthedwa.
Ikumata kunkhama, yazizira tisanafike pakati.
Ottis atafuna nthawi yaitali, ngati woweruza,
nati, "Mtaliyana uja akanandichotsa ntchito."
Natenga chidutswa chachiwiri.

Rosendo wadya nsonga zokha.
M'mphepete waziika pa pepala, wazisunga pashelefu
pafupi ndi kalata ija.

Magetsi azima naini koloko.
Mumdima ndapeza chitupa changa pa bulangete,
nkhope yonse ili psuu ndi tomato.
Ndainyambita mpaka mnyamata uja waonekanso,
akundiyang'ana, osadziwa kanthu,
asanalawe.