Mapazi Makumi Anayi ndi Atatu

Mu Novembala dzuwa la ku Harlingen ndi mlendo wamanyazi,
limasuzumira mochedwa, tisanalipatse mpando lapita.
Wiebe wayala mapu pathebulo la kukhitchini,
ngodya ina watsindira ndi kapu,
inayo ndi kabotolo ka mapiritsi ake a bipi.

Zaka makumi atatu iye ankatsegulira zombo mlatho,
ine ndikuphunzitsa ana a eni kuwerengera.
Lero penshoni imalowa yokha
ndipo palibe belu lotiitana.

Kwa madisiko, toto.
Kumene amakudzutsa m'bandakucha ati boti likunyamuka,
mnyamata wa wezulo n'kumawerenga mitu ngati ya nkhosa, toto.
Mabotiwo tidakwera misana ikadali yathu.
Pano tikungofuna gombe:
kuvala, kuyenda,
madzi m'akakolo, m'mawondo, m'chiuno,
kenaka zii.

Iye akufuna nsomba.
Ali ndi kabuku kothimbirira ndi mchere
momwe amalemba iliyonse imene adakumana nayo maso ndi maso,
ndipo tsamba la kamba wam'nyanja likadali loyera.
Ine ndikufuna kudziwa kuti chipatala chili pati.
Sindinena mokweza. Ndimangoyeza ndi chala pamapu
iye akapita kukatereka madzi.

Ndiye pali bondo langali,
lachitsulo, la chaka chatha,
limene limalosera chisanu kuposa wailesi.
Pansi pa madzi limaiwala kuti ndi chitsulo.
Pansi pa madzi ndilibe zaka,
sitikangana, poti kukamwa kuli mpweya,
amangondikodola n'kuloza, ine n'kugwedeza mutu.
Vuto ndi kamtunda ka pakati pa chitseko ndi nyanja,
silinda ili kumsana.

Ndidalembera eni nyumba atatu funso limodzi:
kuchokera pakhomo panu kufika m'madzi ndi mapazi angati?

Woyamba adatumiza chithunzi cha dziwe losambiramo.
Wachiwiri, mitengo ya zipinda, ndi kuchotsera kwa okalamba.
Wachitatu adakhala chete masiku asanu ndi anayi,
Wiebe mpaka adayamba kuyang'ana zilumba zina.

Kenaka Ludwina wa ku Bonaire adayankha:

Pepani kuchedwa, amayi.
Ine sindibira, nyanja ndimaionera pakhonde.
Ndidafunsa kuti silinda yanuyo imalemera bwanji,
adati ngati mwana wa zaka zinayi.
Ndiye ndidadikira Lamulungu, mdzukulu wanga Jurnick atabwera,
ndidamubereka n'kutsetsereka naye.
Mapazi makumi anayi ndi atatu, anga, ndipo ndine wamfupi.
Pa phazi la makumi atatu pali mwala woterera,
pondani kumanzere.
Usiku kuno kuli bata,
kupatula abulu akasowana,
ndi aneba amene amaphunzira lipenga Lachinayi.
Sakupita patsogolo, koma amasiya eyiti koloko.

Wiebe adawerenga kawiri.
Za nsomba sanalembe, adatero.
Adapinda mapu molakwika, monga mwa masiku onse,
n'kukwera kuchipinda cha pamwamba.
Ndidamva akukoka zinthu, akutukwana sutikesi,
mpaka adatsika ndi silinda yanga, fumbi lili mbuu.

Panja mvula yosakaniza ndi matalala inkamenya zenera.
Adandikweza katunduyo pamwamba pa juzi,
adamanga malamba monga adamangira tsiku loyamba lija,
mothinitsa pang'ono.
Kuchokera pa firiji kufika pachitseko cha kumaso ndi khumi ndi limodzi.
Tidapita, tidabwera, tidapitanso,
iye akuwerenga mokweza,
ine m'masokosi, ndikupuma ngati ketulo,
mphaka akutiyang'ana pamasitepe.

Pa makumi atatu adandigwira chigongono.
Panalibe kanthu pansi, kapeti yokha.
Kumanzere, Tjitske, adatero.
Ndidaponda kumanzere.