Mpunga Wosakaniza

Zaka makumi awiri pa chigayo cha a Lipenga,
kuseri kwa msika wa Nkhotakota,
ndinkangopisa dzanja m'thumba
n'kudziwa kuti mlimi wandinamiza:
Kilombero pamwamba, Faya pansi,
wa chaka chatha atabisala pakati.
Mphuno yanga sinkaphonya.
Wosakaniza ndinkabwezera pakhomo pomwepo.

Lachiwiri pepala linafika kuchokera ku Lilongwe,
patatha milungu isanu ndi iwiri
chitengereni kanyama kanga m'kabotolo.
A dokotala Msosa analiwerenga kawiri
asanakweze maso.

Akuti chotupa chili m'matumbo mwangamu
si cha mtundu umodzi.
Mbali ina ndi maselo aja amene ntchito yawo
inali kunyowetsa njira kuti chakudya chizidutsa bwino,
mbali ina ndi aja otumiza uthenga m'magazi,
amithenga osaoneka amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.
Sanali pachibale, sankagwira ntchito imodzi,
koma apandukira limodzi
ndipo amanga nyumba imodzi, pamalo panga,
osagogoda n'komwe.

Dzina lake lilime langa limapunthwa nalo.
Analilemba m'buku langa la chipatala
zilembo zinafika m'mphepete mwa tsamba n'kutsikira pansi.
"Chiyambireni ntchito, inu ndinu oyamba," anatero,
"ine ndinangochiwerenga kusukulu."
Ndinatsala pang'ono kuseka.
Sindinakhalepo woyamba pa chilichonse,
ngakhale m'kalasi, ngakhale pa mzere wa feteleza.

Ndinafunsa: kodi simungapete, dokotala?
Kwathu timatenga lichero,
mankhusu apite uko, maso a mpunga atsale kuno.
Anapukusa mutu.
Wina mwa awiriwa amayenda ngati ngolo,
winayo ngati njinga yamoto yopanda mabuleki,
ndipo amene akuthamangayo ndiye tiyambe kumulondola.
Mpeni kaye, kenako mankhwala a m'mitsempha.
Zinazo tidzaona.

Zinazo tidzaona.
Asiyatu anabwereza mawuwo tikutuluka pageti,
akupinda pepala kanayi,
n'kulimanga pangodya ya chitenje
pamodzi ndi ndalama ya minibasi ya Lolemba.
Sanalire. Anangogula malalanje atatu,
n'kuiwala chenje kwa wogulitsa.

Usiku ndimagona chagada, dzanja pamimba,
kuyesa luso langa lija.
Pamwamba khungu, pansi kutentha,
lamba amene ndaboola mabowo ena awiri ali pa mpando.
Zala zimene zinkasiyanitsa mpunga wa ku Bua ndi wa ku Lifuwu
sizikumva kanthu.
Ndimafunsa mumdima kuti ndani wa inu ali maso?
Ndani anayamba kunyengerera mnzake?
M'mimba mumangolira ngati chigayo chopanda mpunga.

Dzulo ndinapitanso ku ntchito kukasiya makiyi.
Kunabwera mnyamata, Twaibu, wa ku Mpamantha,
thumba pa kaliyala, thukuta mpaka m'makutu,
tayala lakumbuyo lomangidwa ndi mphira.
Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono.
Ndinadziwa.
Iyenso anadziwa kuti ndadziwa,
maso ake anathawira ku zala za kumapazi.

Ndinatulutsa dzanja lodzaza,
aatali ndi aafupi atagona pamodzi m'chikhatho,
ndinawayang'ana nthawi yaitali kuposa kale lonse.

Kenako ndinati, ika pa sikelo.