Ku Linga pa Kabaza

Ndinatsika basi ndi kabuku m'thumba,
n'kufunsa kumene amasungira zakale.
Twaibu wa kabaza anaseka:
"Kuno zakale sititsekera m'galasi, achimwene,
timakhalapo, timayanikapo mpunga."

Tinadutsa mzikiti wa makoma ong'aluka,
mbuzi ziwiri zikubzikula pakhonde,
kenaka tchalitchi cha njerwa zofiira,
belu lili duu, ngati likudikira azana ithe kaye.

Pansi pa mkuyu anandilozera mizu.
"Apa ankakambirana za anthu ogulitsidwa.
Gogo wa amayi anga anali m'goli,
gogo wa bambo anga ndiye anagwira chingwe.
Ine ndimawapalasa onse awiri,
ndipo salipira."

Ndinasowa cholemba.
Nkhuyu inagwera patsamba loyera,
n'kuphulika, nyerere balalabalala.

Mayi wa zitumbuwa anati karibu,
mnzake anati takulandirani,
wachitatu anangonditambasulira chikho cha thobwa
osafunsa mtundu wanga.

Pobwerera tcheni chinaduka.
Tinakankha njinga mpaka kumsika,
iye kutsogolo, ine pambuyo,
manja athu tonse ali bii ndi girisi.