Wowerenga Mita

Dzina lake sindilidziwa.
Anabwera kwa ine ali nambala, Z-217,
kachidutswa ka mnofu kochepa ngati njere ya mpunga,
kokwiriridwa m'phula, kosengedwa ndi lumo
mpaka kupyapyala kuposa khoko la anyezi.
Ndakagoneka pagalasi, ndakamwetsa utoto.
Mitsempha ya magazi siyivuta,
yavomera msanga, yadera ngati tiyi wopanda mkaka.
Koma ya madzi am'thupi, ija imapita kumwanabele,
imafuna utoto wakewake,
ndipo ikaoneka imaoneka mwamanyazi,
yofota, ngati matumba okhuthulidwa.

Kunja nkhungu yatsika phiri,
yameza mitengo ya paini, yafika pamalata a chipatala.
Ine diso lili pamaikulosikopu.
Lamulo ndi ili: yamba wasaka pamene yathithikana,
ukapeza ukuze, ukakuza uwerenge.
Chala pakachitsulo kowerengera: tche, tche, tche.
Wozungulira uwu, umodzi.
Wopindika ngati mbedza uwu, umodzinso.
Nanga iyi yogundana mitu,
ndi iwiri,
kapena ndi umodzi womwe lumo laupeza ukukhota?

Ndapeza makumi atatu ndi umodzi.
Asiyatu, patebulo lake, osasuzumira pepala langa,
wapeza makumi atatu ndi inayi.
Itatu yotsalayo tayikanganirana
mpaka mbatata yake kuzizira m'kontena.
Magetsi athima.
Jenereta yatsokomola kawiri, yadzuka.
Tayambiranso.

Bambo anga anali pulambala.
Anakalambira m'mapaipi otsika kuchokera ku Mulunguzi.
Ankabaya ndodo yachitsulo pansi, khutu pandodo,
kukhala chete ngati akupemphera,
kenako: «Apa wina walumikiza usiku.»
Chotupa nachonso chimatero.
Chikangomera chimaba madzi,
chimayala mapaipi akeake mothamanga,
okhotakhota, odontha, osalembedwa pamapu.
Chikakhuta chimasaka ngalande
yoti chitulukire, chikamange kwina.
Ife tikufuna kudziwa
ngati kuchuluka kwa mapaipi ndi ngalandezo
kungatinong'oneze ulendo wake chisananyamuke.

Chaka chomwe anamwalira anandifunsa:
«Kodi kuchipatalako umachiza anthu?»
Ndinati ayi, bambo, ine ndimawerenga.
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.
«Basi ndiwe wowerenga mita,» anatero,
«amene agalu amamuuwa,
koma popanda iye palibe adziwa kumene madzi akupita.»

M'bokosi mwatsala magalasi makumi asanu ndi atatu.
Manambala adzalowa m'kompyuta ya a Dokotala Mkwapatira,
adzafoletsedwa m'mizere,
ndipo mwina pakatha zaka zinayi adzanena kanthu.
Mwinanso adzakhala chete.
Izi ndinaziwerenga bwino papepala
limene Z-217 anadindapo chala kapena kusayina,
lonena kuti phindu lake silidzafika kwa iye mwini.
Anavomerabe.

Madzulo, m'minibasi ya ku Chinamwali,
ndakhala moyandikana ndi mayi wina.
Thonje ndi pulasitala zikusuzumira m'khosi mwa bulauzi,
kabuku kakuchipatala kali m'jumbo
pamodzi ndi sopo ndi mpiru wa mawa.
Akudandaula za mtengo wa makala,
akuseka kondakitala wosadziwa masamu.
Sindinafunse kanthu.
Zomba ndi wamkulu, odwala ndi ambiri,
ndipo nambala ilibe nkhope, ndi mmene tinalumbirira.

Koma pondipatsira chenji
dzanja lawo linaima pamaso panga,
mitsempha itatukumuka kuseri kwake,
yobiriwira, yodzaza, ikugwira ntchito.
Chala changa chinayamba chokha pabondo:
tche, tche, tche.
Ndinachigwira ndi dzanja linalo.

Anatsika pa Matawale,
jumbo m'manja, akupewa matope,
osacheuka.